Kupeza equation ya mzere wowongoka kuchokera ku gradient ndi y-intercept

Tiyambe ndi thanki ya madzi. M'mawa muli kale malita 200, ndipo pampu ikayatsidwa imathiramo malita 50 pa mphindi iliyonse. Pakatha mphindi imodzi muli malita 250, pakatha ziwiri muli 300, pakatha khumi muli 700. Amene wayankha msanga kuti 700 sanachite kuwerenga mphindi imodziimodzi. Watenga 50, wachulukitsa ndi 10, kenako waphatikiza 200 anali m'thanki aja. Tikanena kuti mphindi ndi x ndipo madzi ndi y, zimene wachita m'mutu mwakezo zimalembedwa chonchi:

y = 50x + 200

Imeneyi ndi equation ya mzere wowongoka. Mutati mulembe mayankho onse aja pa pepala la galafu, mphindi cham'mbali ndipo malita cham'mwamba, madontho ake angandandane mwatyatyatya, rula n'kuwagwira onse nthawi imodzi. Manambala amene akugwira ntchito apa ndi awiri okha. Pali 200, amene ndi poyambira, ndiye pali 50, amene akutiuza kuchuluka kwa zowonjezereka pa sitepe iliyonse. Mzere uliwonse wowongoka, kupatula woimirira chilili umene tiukamba patsogolo, umadziwika ndi manambala awiri amenewa basi.

Tanthauzo la m ndi c

M'mabuku a masamu a ku sekondale kuno, komanso pa mayeso a MSCE, equation imeneyi imalembedwa kuti

y = mx + c

Chilembo m chikuimira gradient, kutanthauza kupendekeka kwa mzere. Gradient imayankha funso limodzi: x ikawonjezereka ndi 1, y isintha ndi zingati? Ngati m ndi 3, mukasuntha sitepe imodzi kupita kumanja mzere ukwera masitepe atatu. Ngati m ndi −2, mukasuntha sitepe imodzi kumanja mzere utsika masitepe awiri. Gradient ya pozitivu ndi chitunda, ya negetivu ndi mtsetse, bola nthawi zonse muziwerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja ngati mmene timawerengera buku.

Chilembo c ndi y-intercept, malo amene mzere ukudula y-axis, mzere woimirira uja wa pa galafu. Pa y-axis ponse x ndi 0. Ndiye mukaika 0 m'malo mwa x mu y = mx + c, mbali ya mx imafa, n'kutsala y = c. N'chifukwa chake c ndi poyambira: ndi mtengo wa y pamene x isanayambe kuyenda.

Amene mumawerenga mabuku a ku America kapena kuonera maphunziro pa YouTube mudzapeza y = mx + b. Musadodome, b yawoyo ndi c yathu yomweyi. Ndipo galafu ya x ndi y imene tikugwiritsa ntchitoyi imatchedwa Cartesian pokumbukira René Descartes wa ku France, amene mu 1637 anasindikiza maganizo ake olumikiza algebra ndi geometry.

Akakupatsani zonse ziwiri

Funso losavuta kwambiri limati: pezani equation ya mzere umene gradient yake ndi 3 ndipo y-intercept yake ndi 2. Choyamba lembani y = mx + c pamwamba pa yankho lanu, ngakhale mukuidziwa pamtima. Chachiwiri lembani m = 3 ndi c = 2 pambali. Chachitatu lowetsani manambalawo, 3 m'malo mwa m ndi 2 m'malo mwa c, koma x ndi y muzisiye mmene zilili:

y = 3x + 2

Zatha. Ophunzira ena amafika apa n'kuyamba kufunafuna mtengo wa x kapena wa y, poganiza kuti yankho la masamu liyenera kukhala nambala imodzi. Ayi. Yankho ndi equation yonseyo, ndipo x ndi y ziyenera kuonekamo chifukwa zikuimira poyinti iliyonse ya pa mzerewo.

Chimene chimatayitsa malikisi pa funso lotere ndi kusinthanitsa manambala, kulemba y = 2x + 3. Mzere umenewu ndi wina kotheratu. Kumbukirani thanki ija: nambala yomatidwa ku x ndi imene imabwerezedwa mphindi iliyonse, ndiye ndi gradient, nambala yokhala payokha ndi madzi amene analimo kale.

Zizindikiro za mainasi zimapita limodzi ndi nambala yake. Gradient −2 ndi y-intercept 5 zimatipatsa y = −2x + 5. Gradient 4 ndi y-intercept −7 zimatipatsa y = 4x + (−7), imene timaikonza kukhala y = 4x − 7. Gradient ikakhala 1 timangolemba y = x + c, ikakhala −1 timalemba y = −x + c; 1 uja alipo ngakhale sakuoneka.

Nthawi zina funso silitchula mawu oti y-intercept. Limangoti mzere ukudutsa pa poyinti (0, −4). Yang'anani nambala yoyamba. Ikakhala 0, poyintiyo ili pa y-axis, ndiye nambala yachiwiriyo ndi c. Apa c = −4. Gradient ikakhala ½, equation ndi y = ½x − 4.

Gradient ya fulakishoni

Apa ndi pofunika kudekha. Tiyerekeze gradient ndi ⅔ ndipo y-intercept ndi −1. Equation ndi

y = ⅔x − 1

ndipo yankho limeneli ndi lolondola mmene lilili. Koma funso likhoza kunena kuti mulembe m'kalembedwe ka ax + by + c = 0, kapena kuti pasakhale fulakishoni. Zikatero chulukitsani chilichonse ndi nambala ya pansi pa fulakishoni, imene apa ndi 3. Chilichonse ndithu: y ikhala 3y, ⅔x ikhala 2x, ndipo −1 ikhala −3.

3y = 2x − 3

Ambiri amachulukitsa y ndi ⅔x yokha, −1 uja n'kumuiwala, ndiye amalemba 3y = 2x − 1. Mzere umenewo ukudula y-axis pa −⅓, osati pa −1. Kulakwitsa kwake kumabwera chifukwa maso amakhala ali pa fulakishoni imene ikuvutitsayo, nambala yomalizayo n'kuoneka ngati siikukhudzidwa. Mukafuna kuti zonse zikhale mbali imodzi, samutsani 3y: 2x − 3y − 3 = 0. Dziwaninso kuti c wa mu ax + by + c = 0 si y-intercept. Zilembo zangofanana. Mu chitsanzo chathuchi nambala yomaliza ndi −3 pamene y-intercept idakali −1.

Fulakishoni ili ndi ubwino wake pojambula. Gradient ⅔ ikutanthauza kuti mukapita kumanja masitepe 3, mukwere masitepe 2. Nambala ya pansi ndi ya cham'mbali, ya pamwamba ndi yokwera. Mukaisandutsa 0.67 mwataya ubwino umenewu, komanso mwalowetsa cholakwika chaching'ono chifukwa ⅔ si 0.67 ndendende. Isiyeni ngati fulakishoni.

Kutsimikiza yankho

Equation iliyonse imene mwapeza iyeseni musanapite pa funso lina. Sizitenga ngakhale theka la mphindi. Ikani x = 0, muone ngati y ikutuluka y-intercept imene munapatsidwa. Kenako ikani x = 1, muone ngati y yasintha ndi gradient. Mu y = −2x + 5, x ikakhala 0 y ndi 5, x ikakhala 1 y ndi 3. Yatsika ndi 2, ndiye gradient ndi −2, zagwirizana. Mu 3y = 2x − 3, x ikakhala 0 tikupeza 3y = −3, ndiye y = −1. Mukanayesa 3y = 2x − 1 yolakwika ija, mukanaigwira pompo.

Akakupatsani x-intercept

Uwu ndi msampha umene umakola ngakhale ophunzira odziwa. Funso limati mzere uli ndi gradient 2 ndipo ukudula x-axis, mzere wogona wa pa galafu, pa 3; malo amenewa ndiye x-intercept. Wothamanga amalemba y = 2x + 3. Koma 3 ameneyu si c, chifukwa ali pa mzere wogona, osati woimirira. Pa x-axis ponse y ndi 0, choncho poyinti imene mwapatsidwa ndi (3, 0). Ilowetseni mu y = 2x + c:

0 = 2(3) + c
0 = 6 + c
c = −6

Equation ndi y = 2x − 6. Jambulani mwachisawawa pambali pa pepala muone: mzere wokwera umene ukudula x-axis kumanja kwa 0 uyenera kuti unadutsa y-axis kumunsi, ndiye c wa negetivu ndi woyenera.

Akakupatsani ma intercept onse awiri popanda gradient, muli ndi mapoyinti awiri. Mzere wodula x-axis pa 4 ndi y-axis pa 6 ukudutsa pa (4, 0) ndi (0, 6). Kuchokera pa (0, 6) kufika pa (4, 0) mwapita kumanja masitepe 4 ndipo mwatsika 6, choncho m = −6/4 = −3/2. Ndiye y = −(3/2)x + 6, kapena mukachulukitsa ndi 2 n'kusamutsa, 3x + 2y = 12. Yesani: x = 4 ndi y = 0 zikupereka 12; x = 0 ndi y = 6 zikuperekanso 12.

Gradient ilipo koma c palibe

Mafunso ambiri a pa mayeso amabwera chonchi: gradient yaperekedwa, limodzi ndi poyinti imodzi imene siili pa y-axis. Njira yake ndi yomwe tagwiritsa ntchito pa x-intercept ija. Lowetsani m kaye, kenako bwerekani x ndi y za poyintiyo kuti mupeze c, pomaliza bwezerani x ndi y m'malo mwake.

Mzere wa gradient −3 wodutsa pa (2, 1). Tiyamba ndi y = −3x + c. Poyinti ikuti x = 2, y = 1.

1 = −3(2) + c
1 = −6 + c
c = 7

Equation ndi y = −3x + 7. Samalani zinthu ziwiri. M'poyinti, nambala yoyamba ndi x ndipo yachiwiri ndi y, nthawi zonse. Ena amazitembenuza polowetsa chifukwa mu equation y ndi imene imayamba. Chinanso, −6 akawoloka chizindikiro cha = amakhala +6, ndiye 1 + 6 = 7, osati 1 − 6.

Pali njira ina imene aphunzitsi ambiri amaikonda: y − y₁ = m(x − x₁), pamene x₁ ndi y₁ ndi manambala a poyinti imene mwapatsidwa. Ndi yabwino, koma imafuna maso poyinti ikakhala ndi nambala ya negetivu. Tengani gradient 4 ndi poyinti (−2, 3). Mulemba y − 3 = 4(x − (−2)), ndipo mainasi awiri aja amasanduka pulasi: y − 3 = 4(x + 2). Tsegulani mabulaketi, 4 achulukitse zonse ziwiri za m'kati: y − 3 = 4x + 8. Ndiye y = 4x + 11. Mwa njira yoyamba ija mukanapeza 3 = −8 + c, c = 11. N'chimodzimodzi. Kwa amene mainasi amamusokoneza, njira yopezera c mwachindunji ndi imene tingamulangize, chifukwa ili ndi malo ochepa opunthwira.

Akangokupatsani mapoyinti awiri

Apa muyamba mwapeza gradient nokha. Chotsani ma y, chotsani ma x, kenako gawani kusiyana kwa ma y ndi kusiyana kwa ma x. Pa (1, 5) ndi (4, 11), kusiyana kwa ma y ndi 11 − 5 = 6, kwa ma x ndi 4 − 1 = 3, ndiye m = 6/3 = 2. Tengani poyinti iliyonse mwa ziwirizo, makamaka ya manambala aang'ono: 5 = 2(1) + c, c = 3. Equation ndi y = 2x + 3. Poyinti yotsalayo ndi yoyesera: 2(4) + 3 = 11. Zoona.

Zolakwika zake n'ziwiri zodziwika. Choyamba ndi kuika ma x pamwamba, ma y pansi, n'kupeza ½ m'malo mwa 2. Chachiwiri ndi kuyambira poyinti ina pamwamba, ina pansi, monga 11 − 5 pamwamba koma 1 − 4 pansi, zimene zimatulutsa −2. Mukayamba ndi poyinti yachiwiri pamwamba, yambaninso ndi yomweyo pansi. Kujambula kachithunzi kachisawawa kumathandiza: kuchokera pa (1, 5) kupita pa (4, 11) mzere ukukwera, ndiye gradient ya negetivu siingatheke.

Kuwerenga m ndi c pa galafu

Mukapatsidwa mzere wojambulidwa kale, c mumamuona ndi maso pamene mzere wadula y-axis. Koma musanamulembe, onetsetsani kuti mzere woimirira umene mukuuyang'anawo ulidi pa x = 0. Magalafu ena, makamaka a sayansi, amayambira x pa 10 kapena pa 20 pofuna kusunga malo. Pamenepo nambala imene mukuiona m'mphepete si y-intercept, ndipo muyenera kupeza c pogwiritsa ntchito poyinti monga tachitira pamwambapa.

Pa gradient, sankhani mapoyinti awiri amene mzere ukudutsa ndendende pamphambano ya timizere ta pepala, ndipo akhale otalikirana. Mapoyinti oyandikana amakulitsa cholakwika: kuphonya ndi kabokosi kamodzi pa mtunda wa tibokosi tinayi n'kwakukulu, pamene pa mtunda wa tibokosi makumi anayi sikusintha zambiri. Pensulo ikhale yosongoka, chifukwa mzere wonenepa umaphimba kabokosi konse ka mamilimita awiri.

Chachikulu pa zonse ndi sikelo. Tiyerekeze pa x-axis masentimita 2 akuimira 1, pamene pa y-axis masentimita 2 akuimira 5. Mzere umene ukukwera masentimita 2 pa masentimita 2 aliwonse a cham'mbali umaoneka ngati wa gradient 1, ndipo wowerenga mabokosi adzalembadi 1. Koma x ikawonjezereka ndi 1, y ikuwonjezereka ndi 5. Gradient ndi 5. Werengani manambala olembedwa pa ma axis, osati mabokosi.

Kubwerera chammbuyo: kupeza m ndi c mu equation

Nambala yomatidwa ku x ndi gradient pokhapokha y ili yokha mbali imodzi, yopanda nambala patsogolo pake. Mu 2y − 6x = 10 gradient si −6 ndipo y-intercept si 10. Samutsani kaye: 2y = 6x + 10. Gawani chilichonse ndi 2: y = 3x + 5. Tsopano m = 3, c = 5. Mu 3x + 4y = 12, tipeza 4y = −3x + 12, kenako y = −¾x + 3.

Equation ngati y = 7 − x imapusitsa chifukwa cha kasanjidwe. Nambala yoyamba kuoneka si gradient ayi. Yang'anani imene ili ndi x: apa ndi −1. Choncho m = −1, c = 7.

Mizere yapadera

Gradient ikakhala 0, mzere ndi wogona, sukwera kapena kutsika. y = 0x + 4 imangokhala y = 4. Y-intercept ikakhala 0, mzere ukudutsa pa (0, 0) ndipo equation ndi y = mx; apa x ikawirikiza kawiri y nayonso imawirikiza kawiri, zimene sizichitika c akakhala nambala ina. M'thanki muja, mphindi 10 zinapereka malita 700 koma mphindi 20 zipereka 1,200, osati 1,400, chifukwa 200 woyambira uja sawirikiza.

Mzere woimirira chilili sulowa mu y = mx + c. Mapoyinti ake onse ali ndi x imodzimodzi, ndiye pofuna gradient mungagawe ndi 0, zimene n'zosatheka. Equation yake ndi x = nambala, monga x = 3. Musanene kuti gradient yake ndi 0. Imeneyo ndi ya mzere wogona.

Mizere yoyenda limodzi osakumana (parallel) ili ndi gradient yofanana, imangosiyana c. Mzere wa parallel ku y = 2x + 1 umene ukudula y-axis pa −5 ndi y = 2x − 5. Mizere yodulana pa madigiri 90 (perpendicular), kupatula wogona ndi woimirira, ili ndi ma gradient amene mukawachulukitsa amapereka −1. Ndiye tembenuzani nambalayo, musinthenso chizindikiro: 2 ikhala −½, −¾ ikhala 4/3. Mzere wa perpendicular ku y = 2x + 1 wokhala ndi y-intercept 4 ndi y = −½x + 4. Funso likapereka mzere woyambawo m'kalembedwe ngati 2y − 6x = 10, ukonzeni kaye musanatenge gradient yake.

Kujambula mzere kuchokera ku equation

Simufunika tebulo lalitali. Pa y = ⅔x − 1, ikani dontho loyamba pa −1 pa y-axis. Kuchokera pamenepo pitani kumanja 3, kwerani 2. Mwafika pa (3, 1). Bwerezani, mufika pa (6, 3). Madontho awiri ndi okwanira kujambula mzere, koma lachitatu ndi mboni: rula ikakana kuwagwira onse atatu, pena palakwika. Gradient ikakhala ya negetivu, pitanibe kumanja koma mutsike. Musapite kumanzere n'kutsikanso, chifukwa mainasi awiriwo athetsana, mzere n'kukhala wokwera.

Pamene equation ikunena za zinthu zenizeni

M'mafunso a nkhani, mawu oti gradient ndi y-intercept satchulidwa. Muwapeza pofunsa kuti: pachiyambi panali zingati, nanga pa chinthu chimodzi chilichonse pakusintha zingati? Mawu ngati "pa mphindi iliyonse", "pa kilomita iliyonse", "pa thumba lililonse" akuloza gradient. Ndalama yolipira kamodzi kokha, kapena zimene zinalipo kale, ndi c.

Thanki ya malita 1,000 yodzadza ikuthirira dimba, ndipo madzi akutuluka malita 40 pa mphindi. Poyambira ndi 1,000. Madzi akuchepa, ndiye gradient ndi −40. Equation ndi y = −40x + 1000. Thanki iuma pamene y = 0, kutanthauza 40x = 1000, x = 25. Imeneyi ndi x-intercept, ndipo apa ili ndi tanthauzo logwirika: pakatha mphindi 25 madzi atha. Kupitirira pamenepo equation ipereka manambala a negetivu, monga −200 pa mphindi 30, koma thanki singakhale ndi madzi ochepera 0. Mzere wa pa pepala supuma, koma chinthu chimene ukuimira chili ndi malire ake. Thanki yoyamba ija nayo, ngati ndi ya malita 2,000, idzadza pa mphindi 36, chifukwa 50(36) + 200 = 2,000, ndipo kuyambira pamenepo madzi angotayika.

Samalaninso miyezo. Gradient ya −40 ija ndi ya pa mphindi. Wina akafunsa za kotala la ola, lowetsani 15, osati 0.25.

Chitsanzo china ndi cha kutentha. Madzi amaundana pa madigiri 0 a Celsius, amene ndi 32 a Fahrenheit, ndipo pa mulingo wa nyanja ya mchere amawira pa 100 a Celsius, amene ndi 212 a Fahrenheit. Tikaika Celsius cham'mbali, mapoyinti ndi (0, 32) ndi (100, 212). Yoyambayo yatipatsa kale c = 32. Gradient ndi 212 − 32 = 180, kugawa ndi 100, yankho 1.8. Ndiye F = 1.8C + 32. Kutentha kwa thupi la munthu, madigiri 37, kukhala 1.8(37) + 32 = 98.6, nambala imene imaoneka pa ma thermometer olembedwa mu Fahrenheit. Onani kuti zilembo zasintha, F ndi C m'malo mwa y ndi x, koma kamangidwe ndi komweko. C wamkuluyu ndi Celsius, musamusokoneze ndi c wa y-intercept.

Amisiri omanga amagwira gradient ndi manja. Njira yotsetsereka yolowera njinga ya olumala pakhomo la chipatala kapena sukulu nthawi zambiri imamangidwa pa muyezo wosapitirira 1 pa 12, kutanthauza kuti pa masentimita 12 aliwonse a cham'mbali ikwere sentimita imodzi yokha. Tiyerekeze khonde ndi lokwera masentimita 30. Tikayeza x kuchokera m'mphepete mwa khonde kupita panja, kutalika kwa njirayo kuchokera pansi ndi y = −(1/12)x + 30, zonse m'masentimita. Ifika pansi pamene x = 360, ndiye pakufunika malo a mamita 3.6 kutsogolo kwa khonde, bola nthaka yake ikhale yosalazidwa bwino. Pokhoma zikhomo, mmisiri ayeza masentimita 120 kuchokera pakhonde n'kulemba chizindikiro pa msinkhu wa masentimita 20, pa 240 alemba pa 10, pa 360 chikhomo chikhala pansi penipeni. Akakoka chingwe kuchokera m'mphepete mwa khonde kufika pa chikhomo chomaliza, chiyenera kukhudza zizindikiro ziwiri za pakatizo. Chikaphonya chimodzi, ayezenso asanathire konkire. Ndipo ngati malo alipo mamita 2 okha, gradient ikhala 30/200, imene ndi 0.15, pafupifupi kuwirikiza kawiri muyezo uja. Munthu wodziyendetsa yekha pa njinga avutika kukwera, ndiye ndi bwino kuikhotetsa njirayo m'mbali mwa khoma kuti italike, n'kusiya malo afulati pamene ikukhota.